Mutu ukamagunda pothamanga: wongochenjeza ndi uti, woopsa ndi uti?

Munthu wamkulu sangodzuka n'kuyamba kuthamanga m'mawa popanda chifukwa. Ku Rumphi, monganso m'maboma ena, ambiri amene ayamba majowajowa zaka zino ndi a ntchito zokhala pansi: aphunzitsi, a m'maofesi a pa boma, eni magolosale, madalaivala. Wina amuuza kuchipatala kuti BP yakwera. Wina shuga wayamba kusuzumira. Wina wangoona kuti lamba wafika pa bowo lomaliza. Amasankha nsapato pa kaunjika, n'kulawirira m'bandakucha kulowera msewu wa ku Njakwa kapena wa ku Bolero. Tsiku loyamba kapena lachitatu, ali mkati mwa chikweza, mutu umayamba kugunda uku ndi uku, motsatana ndi mtima. Pofika sabata yachiwiri wasiya, ndipo akuuza anzake kuti masewera sakumuyanja.

Pa nkhaniyi anthu amalakwitsa pawiri. Ena amachita mantha n'kusiyiratu, pamene mutu wawo unali wongowauza kuti ayamba mopupuluma. Ena amalimba mtima, kumeza panado n'kupitiriza, pamene mutu wawo unali chizindikiro choti mtsempha wamagazi wavulala mkati. Gulu loyamba ndilo lalikulu, ndipo limataya mankhwala abwino kwambiri a BP ndi shuga. Gulu lachiwiri ndi laling'ono, koma likhoza kutaya moyo. Chosiyanitsa mitu iwiriyi, kwenikweni, ndi mmene wayambira komanso zimene wabwera nazo.

Zimene madokotala akudziwa

Vutoli si lachilendo. Dokotala wa ku France, Jules Tinel, analemba za mutu wobwera ndi ntchito yolemetsa mu 1932. Mu 1968 dokotala wina, Rooke, wa pa Mayo Clinic ku America, anafotokoza za odwala 103 amene mutu unkawapweteka akadzikakamiza mphamvu. Atawatsatira kwa zaka, 10 mwa iwo anapezeka ndi vuto lenileni mkati mwa mutu, koma ena onsewo analibe chilichonse choopsa, ndipo ambiri anachira okha.

Lero bungwe la International Headache Society, m'ndondomeko yake ya matenda a mutu imene inatuluka mu 2018, limauika mutu umenewu pagulu lakelake. Kuti dokotala anene kuti ndi mutu wa masewera chabe, uyenera kukhala utabwera kosachepera kawiri, kubwera pokhapokha munthu ali mkati mwa masewera olemetsa kapena atangomaliza, kutha pasanakwane maola 48, komanso pasakhale matenda ena ofotokoza bwino ululuwo. Ndondomeko yomweyo imanenanso zinthu ziwiri zofunika kwa ife: mutuwu umakonda kubwera kukatentha kapena kumalo okwera, ndipo ukabwera koyamba, dokotala ayenera kutsimikiza kaye kuti si kukha magazi mu ubongo.

Ndi anthu angati amene amakumana nawo? M'dera la Vågå ku Norway, ofufuza anafunsa akuluakulu oposa 1,600 ndipo mu 2002 anafalitsa kuti anthu 12 pa 100 alionse anaumvapo. Ku Taiwan, pakati pa ana asukulu a zaka 13 mpaka 15, chiwerengero chinafika pa 30 pa 100 alionse. Choncho mphunzitsi wa masewera ku Phwezi kapena ku Livingstonia akamva mwana akudandaula mutu pambuyo pa mpikisano wothamanga, asafulumire kunena kuti ndi ulesi.

Pali kafukufuku winanso woyenera kumumva bwino. Mu 1996 madokotala a ku Santander ku Spain anafotokoza za odwala 28 amene anafika kuchipatala chawo ndi mutu wobwera pa ntchito yolemetsa, ndipo 12 mwa iwo anali ndi chifukwa china mkati, ambiri kukha magazi. Chiwerengerochi chisatiopseze mopitirira, chifukwa awa anali anthu amene ululu unawakula mpaka kuthamangira kuchipatala chachikulu. Koma chikutiphunzitsa kuti mutu wa pa masewera umene wafika poti munthu sangaupirire suyenera kugonerezedwa kunyumba.

Chimachitika n'chiyani m'mutumo

Ubongo weniweniwo sumva ululu. Zomva ululu ndi mitsempha ya magazi, zikopa zopyapyala zokuta ubongo, ndi minofu ya m'khosi ndi pamutu. Munthu akakhala phee, mtima wake umapopa malita pafupifupi 5 a magazi pa mphindi imodzi. Akayamba kuthamanga mwamphamvu, umapopa malita 20 kapena kuposerapo, ndipo BP imakwera kwa kanthawi, zomwe n'zachibadwa. Akatswiri ambiri amaganiza kuti ululu umabwera mitsempha ya m'mutu ikafufuma ndi magazi ochuluka mwadzidzidzi chonchi, makamaka mwa munthu amene thupi lake silinazolowere kusintha msanga. N'chifukwa chake mutuwu umagunda motsatira mtima, ndipo umayamba kuzizira munthu akaima.

Palinso nkhani ya magazi obwerera. M'khosi muli mitsempha ikuluikulu yotsitsa magazi kuchokera kumutu kupita kumtima, ndipo ili ndi titseko toletsa magazi kubwerera m'mwamba. Kafukufuku wa ku Germany wa mu 2008 anapeza kuti titseko timeneti sitinkatseka bwino mwa anthu 70 pa 100 alionse odwala mutu wa masewera, poyerekeza ndi 34 pa 100 mwa anthu ena. Munthu akagwira mpweya n'kukankha, chifuwa chimathina, magazi n'kudzazana kumutu.

Apa tiganizire anyamata a m'makwalala amene amanyamula zitsulo zopanga okha: ndodo yachitsulo, uku ndi uku simenti youmbidwa m'zitini. Mnyamata amagona chagada pa benchi, amakoka mpweya, n'kutseka pakamwa, nkhope kufufuma, mitsempha ya m'litsipa kuimirira. Ofufuza a ku McMaster University ku Canada anayeza BP ya onyamula zitsulo mu 1985 ndipo anapeza kuti pa mphindi yokankhayo inkapitirira 300, mwa munthu mmodzi n'kufika 480. Imatsika pakatha masekondi ochepa, koma kwa munthu wa mtsempha wofooka, masekondi amenewo ndi okwanira. Lamulo lake n'losavuta: potukula, tulutsani mpweya.

Funso limene ambiri amafunsa ndi lakuti, "Ine ndinakula ndi khasu, ndinkakwera mapiri a ku Phoka ndi thumba pamutu, lero kamtunda aka kandipweteketse mutu?" Yankho lake lili pawiri. Choyamba, mphamvu za thupi sizisungika. Munthu akasiya ntchito zolemetsa, pakangotha masabata ochepa mtima ndi mitsempha zimayamba kubwerera m'mbuyo, nanji zaka khumi za pa desiki. Maganizo amakumbukira liwiro la ku sekondale, koma thupi linaiwala kalekale. Chachiwiri, kulima n'kosiyana ndi kuthamanga. Wolima amaweramuka, amapuma, amacheza, amamwa chindongwa pamthunzi. Wothamanga amaukweza mtima n'kuusunga pamwamba osaupatsa mpata.

Dziko la Rumphi lenilenilo

Maboma ochepa m'Malawi ndi osiyanasiyana kutalika ngati Rumphi. Ku Chiweta, m'mphepete mwa nyanja, muli pa mamita osakwana 500 kuchokera pa mlingo wa nyanja zamchere. Pa boma muli pa mamita opitirira pang'ono 1,000. Livingstonia, kumene Robert Laws anasamutsira mishoni mu 1894, ili pa mamita oposa 1,200, ndipo wokwera kuchokera ku Chitimba pa msewu wa Gorodi amapota makona 20 asanafike pamwamba. Ku Chelinda pa Nyika muli pafupifupi mamita 2,300, ndipo nsonga ya Nganda ili pa mamita pafupifupi 2,600.

Kodi kutalikaku kuli ndi gawo? Pa boma, ku Bolero kapena m'chigwa cha Henga, ayi ndithu: mpweya wa kumeneko ndi wokwanira, ndipo wokhala kumeneko anauzolowera. Mutu wobwera chifukwa cha kutalika kwa malo pakokha madokotala amauwerengera kuyambira pa mamita 2,500. Koma Nyika ili pafupi ndi malire amenewo, ndipo Chelinda ikufanana kutalika ndi Mexico City, kumene kunachitikira masewera a Olympics mu 1968 pa mamita oposa 2,200. Munthu wochokera kunyanja amene wakwera pa galimoto tsiku limodzi, m'mawa mwake n'kuyamba kupalasa njinga kapena kuyenda ndawala m'zitunda za Nyika, asadabwe akapeza wefuwefu ndi mutu. Tsiku loyamba kumeneko likhale loyenda pang'onopang'ono.

Mdani wamkulu kwa ambiri ndi kutentha. Boma la Rumphi lili m'chigwa chouma, ndipo mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limaswa mtengo kuyambira m'mawa. Kunyanja kumawonjezeranso chinyontho cha mumpweya, chimene chimalepheretsa thukuta kuuma n'kuziziritsa thupi. Wothamanga kukutentha amataya madzi okwana theka la lita mpaka malita awiri pa ola. Madzi akachepa m'magazi, mtima umagunda kwambiri kuti ntchito yomweyo itheke, ndipo mutu suchedwa. Amene amavala majekete ndi mapulasitiki mkati kuti "mafuta asungunuke" akudzipweteka chabe. Chotuluka ndi madzi, osati mafuta, ndipo kulemera kumabwerera akangomwa. Thupi limazolowera kutentha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri za masewera opepuka, ndiye woyamba majowajowa m'chilimwe ali ndi ntchito ziwiri nthawi imodzi: kuzolowera kuthamanga ndi kuzolowera dzuwa.

Choyezera madzi m'thupi aliyense ali nacho. Mkodzo wa m'mawa ukakhala wochepa, wodera ngati tiyi wopanda mkaka, munthuyo wayamba kale ulendo ali wouma. Ukakhala wachikasu chotuwa, zili bwino. Koma kumwa mopyola nakonso n'koopsa. Amene amadzikakamiza malita ambirimbiri a madzi pa mtunda wautali amasungunula mchere wa m'magazi, ndipo chizindikiro chake choyamba ndi mutu womwewo, nseru ndi kusokonezeka. Imwani ludzu likakuuzani, ndipo pambuyo pa thukuta lambiri mudye chakudya cha mchere pang'ono kapena mumwe Thanzi ORS.

Mitu ina imene imangodzutsidwa ndi masewera

Nthawi zambiri masewera si gwero la ululu, amangodzutsa chimene chinalipo kale. Woyamba ndi mutu waching'alang'ala. Umakonda mbali imodzi, umabwera ndi nseru, munthu amadana ndi kuwala ndi phokoso, amafuna chipinda chamdima, ndipo umatha maola ambiri, mwina masiku atatu. Ku Netherlands, kafukufuku wa mu 2013 anapeza kuti 38 pa 100 alionse a odwala ching'alang'ala anayambidwapo ndi matendawa chifukwa cha masewera, ndipo oposa theka la amenewo anasiya masewerawo. Chodabwitsa n'chakuti masewera omwewo ndi mankhwala a ching'alang'ala. Ku Gothenburg ku Sweden, mu 2011, odwala 91 anagawidwa patatu: ena ankapalasa njinga ya m'nyumba mphindi 40 katatu pa sabata, ena ankaphunzira kumasula thupi, ena ankamwa mankhwala otchedwa topiramate. Patatha miyezi itatu, magulu onse atatu anachepetsa kudwala mofanana. Gulu la njinga linkayamba ndi kutenthetsa thupi mokwanira, kenaka n'kukweza mphamvu.

Wachiwiri ndi mutu wochokera m'khosi. Woyamba kuthamanga amakunga mapewa, amaluma mano, amatukula chibwano. Wopalasa njinga yosamuyenera msinkhu amakhala atapinda khosi ulendo wonse. Ululu wake umayambira pankhongo n'kukwera, ndipo umakula ukatembenuza khosi. Amayi amene asenza ndowa ndi nkhuni zaka zambiri amakhala kale ndi khosi lotopa, ndipo kudumphadumpha kwa majowajowa kumangolikumbutsa.

Kenaka pali zazing'ono zimene zikaphatikizana zimakula. Munthu wofuna kuonda amachita zonse tsiku limodzi: wasiya nsima yausiku, wasiya tiyi, wadzuka 4 koloko atagona maola asanu okha, ndiye wayamba kuthamanga. Chilichonse mwa izi pachokha chimatha kupweteketsa mutu. Wozolowera tiyi kapena khofi wamphamvu akasiya mwadzidzidzi, mutu umamupweteka kwa masiku angapo ngakhale asathamange. Mowa wa dzulo umaumitsa thupi, ndipo kuthamanga kuti "matsire atuluke ndi thukuta" kumangowonjezera. Odwala shuga amene amamwa glibenclamide kapena kubaya insulin asamale kwambiri: akathamanga osadya, shuga akhoza kutsika moopsa, ndipo zizindikiro zake ndi mutu, kunjenjemera, thukuta lozizira ndi chizungulire. Ayende ndi masiwiti kapena kashuga m'thumba.

Ndipo kuno kwathu sitingaiwale malungo. Mutu wa masewera subwera ndi kutentha thupi kosatha, kuzizidwa kapena kuphwanya m'mfundo. Zimenezi zikakhalapo, makamaka kwa okhala kunyanja ndi m'mbali mwa dambo la Vwaza, kayezetseni magazi tsiku lomwelo. Kutentha thupi pamodzi ndi kuuma khosi ndi nkhani ina yachangu, chifukwa akhoza kukhala matenda oumitsa khosi.

BP: yosamveka, koma ilipo

Anthu ambiri mutu ukawapweteka amati BP yakwera, ukasiya amati yatsika. Izi si zoona. BP yokwera nthawi zambiri ilibe chizindikiro chilichonse, ndipo munthu akhoza kuyenda nayo zaka mutu uli bwinobwino. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009, amene boma linachita mothandizidwa ndi WHO, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi pa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo oposa 9 pa 10 mwa iwo sankadziwa kapena sankamwa mankhwala. Pafupi ndi kwathu kuno, bungwe la MEIRU linayeza akuluakulu pafupifupi 29,000 m'dera la Chilumba ku Karonga ndi ku Area 25 ku Lilongwe pakati pa 2013 ndi 2016. Mwa opezeka ndi BP yokwera, 58 pa 100 alionse anali asanauzidwepo.

Tanthauzo lake kwa woyamba majowajowa ndi ili: kusamva kalikonse si umboni woti BP ili bwino, ndipo BP yokwera kwa zaka ndiyo imafooketsa mitsempha ya mu ubongo. Kuyeza kumatenga mphindi zochepa. Mumakhala pansi kanthawi, mkono pa tebulo, namwino amakulunga kalamba, kamathina, n'kumasuka, manambala awiri n'kuoneka. Izi zimatheka pa chipatala cha boma cha Rumphi, pa David Gordon Memorial ku Livingstonia, ndi m'zipatala zing'onozing'ono zambiri. Ikapezeka pa 140 ndi 90 kapena kuposerapo mobwerezabwereza, imeneyo ndi BP yokwera, ndipo kuyenda ndawala kumathandiza kuitsitsa limodzi ndi mankhwala ndi kuchepetsa mchere. Ikafika cha m'ma 180 ndi 110, masewera olemetsa ayambe aima mpaka adokotala aitsitse.

Mutu umene sudikira mawa

Pali mutu umene umabwera ngati mphezi. Munthu anali bwinobwino, ndipo pasanathe mphindi imodzi ululu wafika pachimake, woposa mutu uliwonse umene anamvapo chibadwire. Ena amatembenuka kuona amene wawamenya kunkhongo. Umenewu ukhoza kukhala mtsempha wophulika ndi kukha magazi m'zikopa zokuta ubongo, kapena kung'ambika kwa khoma la mtsempha wa m'khosi, kapena kufinyika kwadzidzidzi kwa mitsempha ya mu ubongo. Choopsa chake n'chakuti nthawi zina ululu umachepa pakatha maola, munthu n'kuganiza kuti wachira, pamene kukha koyambako kunali kochenjeza ndipo kwachiwiri kukubwera.

Mutu wa masewera wamba umayamba pang'onopang'ono pamene thupi likutentha, umakula ndi liwiro, umachepa mukaima, ndipo subwera ndi china chilichonse kupatula mwina kanseru. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo ngati mutu wabwera mwadzidzidzi monga tafotokozera, kapena ngati wabwera ndi chimodzi mwa izi: kusanza mobwereza, kuuma khosi, kukomoka kapena kugwa khunyu, kuona zinthu ziwiriziwiri, kupotoka pakamwa, lilime kulemera, dzanja kapena mwendo kufooka, kusokonezeka maganizo. Chimodzimodzi ngati munagunda mutu posachedwa, monga pa mpira kapena kugwa pa njinga, ngati muli oyembekezera kapena mwangobereka kumene, kapena ngati muli ndi kachilombo ka HIV ndipo mutuwo ndi wachilendo. Munthu wopitirira zaka 40 amene wayamba kumva mutu wotere kwa nthawi yoyamba akaonane ndi adokotala asanapitirize masewera, ngakhale utachepa wokha. Mutu umene wadutsa masiku awiri, kapena umene ukukula sabata ndi sabata, nawonso ukaonedwe.

Pali winanso wosowa koma wonyenga: mutu wochokera kumtima. Mwa anthu ena achikulire, makamaka osuta fodya, odwala shuga kapena BP, mitsempha ya mtima ikaphinjika, ululu m'malo momveka pachifuwa umamveka kumutu. Umabwera pokwera chitunda, umatha akapuma, tsiku lililonse pamalo omwewo. Ukabwera ndi kuthina pachifuwa, kubanika kapena ululu wa m'nsagwada ndi m'dzanja lamanzere, pofunika kuyeza ndi mtima.

Kuchipatala, adokotala adzafunsa kwambiri za mphindi yoyamba: munkachita chiyani, ululu unatenga nthawi yaitali bwanji kuti ufike pachimake, munasanza kodi. Yankhani molunjika, chifukwa nkhani imeneyi ndiyo imawatsogolera. Akakayikira kukha magazi, angakutumizeni ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kuchokera pa boma, kapena kukupemphani kutenga madzi a pamsana. Achibale ambiri amakana zimenezi poganiza kuti zimapha. Chimene chimachitika n'chakuti oyezedwa motero amakhala odwala kale kwambiri, ndipo ena amafika mochedwa. Kuyezako n'kumene kumaonetsa ngati muli magazi kapena tizilombo, kuti mankhwala oyenera ayambe msanga.

Za mapiritsi ndi zina zimene timachita kunyumba

Kumanga mutu ndi kansalu mothina, kuthira madzi ozizira pankhongo, kukhala pamthunzi: zonsezi zilibe vuto pa mutu wamba, ndipo zimatonthoza. Kutema mphini m'litsipa sikufika kumene kuli vuto, ndipo lezala yogwiritsidwa ntchito ndi anthu angapo imafalitsa matenda. Choipa kwambiri pa njira zonse za kunyumba ndi nthawi imene zimadya pamene mutu uli woopsa uja.

Panado amathandiza mwa apo ndi apo. Koma womwa mankhwala opha ululu masiku 15 kapena kuposerapo pa mwezi, kwa miyezi ingapo, amatha kudwala mutu wobwera ndi mankhwalawo. Bufeni ndi asipirini musamwe mutu ukabwera mwadzidzidzi, chifukwa ngati mukukha magazi mkati akhoza kuwonjezera.

Mankhwala amene madokotala amagwiritsa ntchito kwambiri pa mutu wa masewera wotsimikizika ndi indomethacin, amene ambiri timawadziwa kuti indosidi, omwedwa masewera asanayambe. Poti amapezeka mosavuta, chiyeso chongogula n'chachikulu, koma safunsa anadya phula. Indosidi amakanda m'mimba mpaka zilonda, amakweza BP, ndipo amalemetsa impso, makamaka thupi likauma ndi thukuta. Kwa amayi oyembekezera, odwala impso, a zilonda za m'mimba, ndi omwa ma ARV okhala ndi tenofovir, amene nawonso amadutsa mu impso, mankhwalawa asamwedwe popanda adokotala. Ena amapatsidwa propranolol, amene sayenera munthu wa mphumu. Ubwino wake ndi wakuti mutu wa masewera nthawi zambiri umatha wokha pakapita miyezi ingapo, ndipo ambiri safuna mankhwala konse akakonza kayambidwe kawo.

Kuyamba moyenera

WHO, m'malangizo ake a mu 2020, imati wamkulu azichita masewera a mphamvu yapakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata kwakwanira kale. Palibe pamene palembedwa kuti uyenera kuthamanga, ndipo chiwerengerocho ndi kofikira, si poyambira.

Mukayezetsa BP, masabata awiri oyamba akhale oyenda basi, pamalo athyathyathya, m'mawa dzuwa lisanakwere kapena madzulo litapendeka. Mudye kanthu kopepuka, nthochi kapena kambatata, ndipo mumwe kapu ya madzi musananyamuke. Mphindi 10 kapena 15 zoyamba zikhale zotenthetsa thupi, kuyenda mwachifatse n'kumawonjezera liwiro pang'onopang'ono. Pa zonse zimene zimathandiza mutu wa masewera, ichi ndicho anthu amachinyoza kwambiri, pamene ndicho chimapatsa mitsempha nthawi yosinthira. Liwiro loyenera mudzalidziwa ndi pakamwa: ngati mukutha kulankhula ndi mnzanu chiganizo chathunthu, muli bwino, koma ngati mawu akutuluka limodzilimodzi, mwapyola. Sabata yachitatu mungayambe kusakaniza, mphindi imodzi kuthamanga mopepuka, ziwiri kuyenda. Zikweza zibwere pambuyo. Pomaliza musaime mwadzidzidzi, yendani mphindi zisanu mtima ukhazikike. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika, ndipo pano mwambiwu ukugwira ntchito mmene ulilimo.

Mutu wamba ukabwera muli panjira, imani, khalani pamthunzi, imwani madzi, ndipo tsikulo zithere pomwepo. Mupume masiku angapo mpaka utatheratu, n'kuyambiranso pa mlingo wotsika. Lembani m'kakope tsiku, nthawi, kutentha, chimene munadya, maola amene munagona, ndi pamene mutu unayambira. Pakatha masabata atatu chifukwa chake chimaonekera chokha, ndipo ngati sichinaoneke, kakope kameneko kadzathandiza adokotala kuposa kungowauza kuti mutu umakupwetekani. Kuthamanga kukakanika ndithu, kuyenda, njinga ndi kusambira kwa a kunyanja zilipo, ndipo mtima susankha.

Chomaliza n'cha othamanga m'magulu, a mpira wamiyendo ndi a ntchemberembaye. Munthu amene mtsempha waphulika m'mutu nthawi zambiri sakhala woganiza bwino. Amati ndisiyeni ndigone pang'ono, ndipo anzake, mwa ulemu, amamuperekeza kunyumba. Chisankho pa nthawi imeneyo chili m'manja mwa amene aima pambali pake. Gulu lililonse lidziwe zizindikiro zija, likhale ndi nambala ya munthu wa galimoto kapena wa njinga yamoto, ndipo ligwirizane lisanayambe kuti mnzawo akagwira mutu mwadzidzidzi n'kunena kuti sanamvepo ululu wotere, akupita naye kuchipatala ngakhale iye akane. Kuchokera ku Hewe, ku Mhuju kapena ku Chiweta ulendo ndi wautali kale, ndipo kukambirana kukatenga ola, ola limenelo lachotsedwa pa nthawi ya adokotala.